Jamu, jeli kapena mamaledi: chipatso ndicho chikuuzeni chophika

Mango akayamba kugwa okha mu Disembala, kapena magwafa akayamba kununkhira pansi pa mtengo mu Malichi, ambiri amangoti, "Tiphike jamu zisatiwolere." Nzeru yake ndi yabwino, koma jamu ndi mtundu umodzi chabe pa zopaka pabuledi zochokera ku zipatso, ndipo si chipatso chilichonse chimene chimafuna kuphikidwa jamu. Magwafa ali ndi njere zolimba ngati timiyala. Mukawaphika osasefa, odya azingolavula. Malalanje fungo lake lenileni lili m'khungu limene timataya posenda. Mapapaya ndi ozuna koma sagwirana. Mukawaphika okha mumapeza phala lotsekemera limene limasasa pakangotha masiku ochepa. Musanagule shuga, yang'anani kaye chipatso chimene muli nacho.

Kusiyana kwake

Jamu amaphikidwa ndi mnofu wa chipatso, wosinja kapena woduladula, pamodzi ndi shuga, mpaka agwirane moti mukamutapa ndi mpeni sayenderera. Jeli amaphikidwa ndi madzi okhaokha a chipatso, otchezedwa pansalu. Alibe njere, alibe ulusi, amaonekera kuseri ngati galasi, ndipo mukamutapa amanjenjemera pasupuni. Mamaledi ndi jeli wa malalanje, mandimu, manachesi kapena manyumwa, wokhala ndi timizere ta khungu m'kati mwake. Chimene anthu amamukondera, ndi chimenenso ena amamudera, ndi kakuwawa kake.

Pamabotolo a m'sitolo mupezanso mawu oti preserve kapena conserve. Mmenemo zipatso zimakhala zathunthu kapena m'mapisi aakulu, zitamira m'manyuchi a shuga, ndipo sizigwirana kwambiri. Chimene amalemba kuti fruit butter mulibe batala: ndi mnofu wosefedwa umene waphikidwa nthawi yaitali pamoto wochepa mpaka madzi auma. Mukaupitiriza pamoto umalimba moti umadulika ndi mpeni. Lemon curd, chopaka cha mandimu, yekha ndiye wa mtundu wina, chifukwa muli mazira ndi batala.

Kwathu kuno mawu oti jamu timatchuliranso kachipatso kachikasu kobisala m'kachikwama kouma ngati pepala, kamene kamamera kokha m'minda. Musakanyoze: kali ndi kuwawasa kokwanira ndipo kamatulutsa jamu wabwino kwambiri.

Zitatu zimene zimagwiritsa jamu

Jamu, jeli ndi mamaledi amalimba chifukwa cha pekitini, asidi ndi shuga. Chimodzi chikapelewera, ngakhale muphike mpaka makala athe, simupeza chimene mukufuna.

Pekitini ndi ulimbo wachilengedwe umene umamatiriza mnofu wa chipatso. Dzinali anamupatsa ndi Mfalansa Henri Braconnot mu 1825, kuchokera ku mawu a Chigiriki otanthauza kuundana. Amachuluka m'khungu, m'njere ndi m'zipatso zokhwima koma zosapsetsa. Chipatso chikamafewa, iye amanka naphwanyika. N'chifukwa chake zipatso zolobodoka za pansi pa dengu, zimene ambiri amati "izi n'zajamu", ndizo zimakana kugwirana. Pa zipatso zinayi zilizonse, chimodzi chikhale chongoyamba kupsa. Mandimu, malalanje, magwafa, malambe ndi maapozi ali ndi pekitini wambiri. Mapapaya, zinanazi, mapichesi, mabulosi, masitirobere ndi mango opsetsa ali ndi wochepa.

Asidi ndiye kuwawasa. Popanda iye pekitini samangana. Amatetezanso odya: kachilombo koopsa ka Clostridium botulinum sikakula m'chakudya chimene pH yake (muyezo wa kuwawasa, umene nambala yake imatsika kuwawasa kukamachuluka) ili pansi pa 4.6, pomwe jamu amagwirana bwino pH ikakhala pakati pa 2.8 ndi 3.5. Mapapaya, nthochi, mavwende ndi mango opsa kwambiri sawawasa mokwanira, choncho madzi a mandimu m'zipatso zimenezi si okometsera chabe. Musawachotse.

Shuga amamwa madzi kuti pekitini amangane, komanso kuti chuku ndi yisiti zisowe pomera. Jamu wosungika pashelefu amakhala ndi shuga magawo 60 mpaka 65 pa 100, kuwerengera ndi wa m'chipatso momwemo.

Ngati mukukayika za pekitini, tapani tiyisupuni imodzi ya madzi a zipatso zimene mwaphika musanathire shuga, muiziziritse m'tambula, muthiremo matiyisupuni atatu a sipiriti wa kufamase, mugwedeze pang'ono. Likapangika bulumwa limodzi, pekitini ngwokwanira. Tikangooneka timaulusi tomwazikana, onjezani njere ndi zoyera za m'kati mwa khungu la mandimu awiri, zomangidwa m'kansalu, muphikire limodzi. Zoyeserazo tayani kutali ndi ana, sipiriti ameneyu ndi poizoni.

Poto akhale wotambalala kukamwa, wachitsulo chosachita dzimbiri kapena wa enamelo wosasupuka. Wa aluminiyamu amadyana ndi asidi, makamaka mukagonekamo zipatso. Zophikazo zisapitirire theka la poto, chifukwa shuga akawira amakwera. Musaphike zipatso zoposa makilo awiri nthawi imodzi: zambiri zimachedwa kuuma madzi, pekitini amafa ndi moto wautali, mtundu umada. Mthiko ukhale wautali, wosatakasirapo ndiwo. Fungo la usipa ndi anyezi limalowa m'jamu.

Kudziwa kuti wapsa

Mabuku ambiri amati jamu amapsa pa madigiri 105. Zimenezo n'zoona kumalo otsika ngati Nsanje, kumene madzi amawira pafupifupi pa 100. Mukakwera mamita 300 aliwonse, madzi amawira msanga ndi digiri imodzi. Ku Lilongwe ndi ku Blantyre amawira cha pa 96 kapena 97, ku Dedza cha pa 95. Wa ku Dedza akadikira kuti choyezera kutentha chifike pa 105, aphula switi womata. Yezani kaye madzi owira pamalo panupo, muwonjezere madigiri 4 kapena 5: pamenepo ndipo pophulira.

Wopanda choyezera agwiritse sosala. Ikani masosala awiri m'firiji, kapena muwayandamitse pamadzi a mumtsuko. Thovu likachepa, kuwira kukasintha n'kumamveka phwa, phwa molemera, chotsani poto pamoto, donthezani jamu pang'ono pasosala yozizira, dikirani mphindi imodzi kapena ziwiri, kenaka mukankheni ndi chala. Akachita makwinya, njira ya chala n'kukhala yosatsekeka, wapsa. Akayenderera, bwezerani pamoto mphindi zitatu muyesenso. Poyesa poto asakhale pamoto, chifukwa mphindi ziwiri zomwezo n'zokwanira kupitiriza.

Jeli wa magwafa

Pa zonse, ife tikuona kuti ichi ndicho chimene magwafa anabadwira. Fungo lonse limatsala, njere zonse zimachoka.

Tengani magwafa makilo 2, ena ongoyamba chikasu. Tsukani, chotsani nsonga yakuda ndi mowola monse. Dulani panayi n'kumayang'ana m'kati, popeza magwafa amakonda mphutsi. Musasende, musachotse njere. Pekitini ali mmenemo. Thirani madzi ongokwanira kumiza, pafupifupi lita imodzi ndi theka. Phikani pamoto wapakati mphindi 40 mpaka 45, n'kumawaphwanya ndi mthiko, mpaka asanduke phala.

Tsopano kutcheza. Gadamitsani mpando, mangani nsalu yoyera yowiritsidwa kumiyendo yake inayi, ikani beseni pansi, tsanulirani phalalo pansalu. Lisiyeni lizidontha lokha monga muja timatchezera chidulo, maola 6 kapena usiku wonse. Kumalo otentha monga kuchigwa cha Shire ndi kunyanja musapitirire maola 6, madziwo amayamba kusasa. Dzanja limayabwa kufuna kufinya nsalu, koma kuona maso a nkhono n'kudekha: mukafinya, timnofu timadutsa ndipo jeli amachita mbuu. Kukoma sikusintha, koma kuwala kwake kwapita. Ngati ndi wodya pakhomo ndipo mukufuna wochuluka, finyani. Ngati ndi wogulitsa kapena wopatsa alendo, musakhudze.

Yezani madzi amene mwapeza. Pa lita iliyonse thirani shuga magalamu 750 ndi madzi a mandimu masupuni aakulu atatu, osefedwa. Sungunulani shuga pamoto wochepa, mukutakasa, mpaka mthiko usamvekenso mchenga pansi pa poto. Pokhapo ndiye musonkhezere moto. Pambaula, yambani makala atangogwira pang'ono kapena tsamiritsani poto pambali, kenaka kupizani kuti moto ulilime. Awire mwamphamvu mphindi 15 mpaka 25, osatakasatakasa. Wengulani thovu kumapeto kokha, osati mphindi iliyonse, mungataye jeli wambiri. Mudzaona madzi otuwa aja akusanduka ofiirira ngati uchi, ngakhale magwafa anali oyera m'kati. Jeli salola kuchedwa: akangopsa thirani m'mabotolo, apo ayi ayamba kuundana m'poto momwemo.

Zotsala pansalu musataye. Zitikiteni pasefa ndi chipande kuti njere zitsale. Pa kilo imodzi ya mnofu thirani shuga magalamu 600 mpaka 750 ndi madzi a ndimu limodzi. Phikani pamoto wochepa mukutakasa osalekeza, chifukwa amapserera msanga ndipo amathovoka n'kuwotcha mkono. Kulungani nsalu kudzanja. Mthiko ukamasiya njira yoonetsa pansi pa poto, muli ndi chopaka chofewa chija amati fruit butter. Mukapitiriza mpaka zonse zizimatuka m'mbali mwa poto ngati nsima yakupsa, yalani m'thireyi yopaka mafuta pang'ono, zigone, mawa mudule timabokosi. Olankhula Chipwitikizi amachitcha goiabada.

Jamu wa mango

Mango ndi a jamu, osati jeli. Madzi ake okha sakoma ndipo sagwirana. Amakono monga Kent ndi Keitt ali ndi ulusi wochepa, mungowadula. Akalisere ndi ena a ulusi amanunkhira kuposa, koma aphikeni kaye pang'ono n'kuwatikita pasefa. Maboloma ali ndi mnofu wambiri, ntchito imachepa. Utomoni wa kuphesi tsukani bwino musanasende.

Pa kilo imodzi ya mnofu, magalamu 250 akhale a mango okhwima ongoyamba kupsa. Mufunika shuga magalamu 750, madzi a mandimu masupuni aakulu asanu, ndi njere za mandimuwo zomangidwa m'kansalu. Ikani mango, kansalu ndi madzi theka la kapu m'poto, muphike mphindi 10 mpaka 15 kuti afewe. Shuga asalowe mango asanafewe: shuga amalimbitsa chipatso, ndipo chimene chinali chokukuta panthawiyo chikhala chokukuta mpaka m'botolo. Akafewa finyirani kansalu m'poto, thirani mandimu ndi shuga, sungunulani, kenaka moto waukulu mphindi 15 mpaka 25. Mosiyana ndi jeli, uyu amafuna kutakasa pafupipafupi, popeza mnofu umakhala pansi n'kupserera. Mupeza mabotolo atatu a magalamu 450.

Jamu wa mango amalimba mofewa, sanjenjemera ngati wa magwafa, ndipo amaoneka ngati wapsa asanapse chifukwa mnofu wake ndi wolemera kale. Mukaphula msanga, shuga amakhala asanafike pa muyezo, ndipo pakapita milungu iwiri chivundikiro chimatukuka. Musadalire maso, yesani pasosala.

Vuto la jamu wa mango wambiri amene timalawa ndi kuzuna kopanda mchere wake, kongotsekemera basi. Mankhwala ake si kuchepetsa shuga koma kuonjezera kuwawasa: mandimu ena, kapena madzi a malambe theka la kapu, kapena magalagadeya atatu othira kumapeto.

Mamaledi

Dzinali linachokera ku Chipwitikizi, marmelada, chimene poyamba chinali chophikidwa ndi chipatso chotchedwa marmelo, osati malalanje. Wa malalanje anatchuka ndi Angelezi ndi Asikoti, makamaka banja la Keiller la ku Dundee ku Scotland chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700. Iwo amaphikira malalanje owawa a ku Seville ku Spain, amene amafika m'masitolo a ku Britain mu Januwale ndi Febuluwale. Amene muli kumeneko, kilo imodzi ya malalanje amenewo imafuna madzi malita awiri ndi theka, shuga makilo awiri ndi ndimu limodzi. Kuno kwathu malalanje ambiri ndi otsekemera, choncho kuwawa ndi pekitini timakabwereka ku mandimu.

Tengani malalanje magalamu 700 ndi mandimu magalamu 300, madzi malita 2, shuga kilo imodzi ndi theka. Mandimu okhakhala khungu a kumudzi ndi abwino, ali ndi zoyera zambiri. Tsukani ndi madzi ofunda. Dulani pakati, finyani madzi. Njere ndi zikamba za m'kati kokotani ndi supuni, mumange m'kansalu. Kansalu kameneka ndiko nkhokwe ya pekitini. Khungu lichekeni timizere. Apa ndi pamene munthu amasankha: tating'ono ngati kamtengo ka machesi timapereka mamaledi wofatsa, tonenepa ngati chala cha nkhuku timapereka wotafunika ndi wowawirako. Ikani khungu, madzi a zipatso, kansalu ndi madzi malita awiri aja m'beseni la pulasitiki kapena la enamelo, zigone usiku. Kuviika kumafewetsa khungu ndipo kumapulumutsa makala.

Mawa lake phikani zonse pamoto wapakati, osavundikira, ola limodzi ndi theka kapena awiri, mpaka madzi achepe ndi theka. Tolani kamzere kamodzi, kaziziritseni, kafinyeni pakati pa zala ziwiri. Kakanyenyeka, khungu lapsa. Kakakana, pitirizani kuphika. Mukathira shuga pamenepo khungu likhala ngati chikopa ndipo palibe njira yolifewetseranso. Vuulani kansalu, kakazizirako kafinyeni mwamphamvu: mudzaona zoterera zoyera zikutuluka ngati therere. Zimenezo kokoterani m'poto zonse. Thirani shuga, sungunulani, wiritsani mwamphamvu mphindi 15 mpaka 25.

Akapsa musathire m'mabotolo nthawi yomweyo. Dikirani mphindi 10 mpaka 15, takasani kamodzi, ndiye muthire. Mukafulumira, khungu lonse limayandama kukhosi kwa botolo, pansi n'kutsala jeli yekha.

Manachesi a ku Mwanza amapereka mamaledi wonunkhira kuposa onse, koma khungu lake ndi lopyapyala, pekitini wochepa. Ikani manachesi magalamu 600 ndi mandimu 400, ndipo khungu la manachesi limafewa msanga, liyeseni pakatha mphindi 45. Manyumwa ndi a okonda kuwawa kwenikweni. Ngati pakhomo pali ana, sendani chikasu chokha cha pamwamba, muchiwiritse mphindi 5 n'kutaya madziwo, zoyera zonse zipite m'kansalu. Kuwawa kumatsika kwambiri, ngakhale fungo limachepako pang'ono.

Malambe, chidede ndi zipatso zofuna mnzake

Malambe ali ndi zonse ziwiri, pekitini ndi kuwawasa, ndipo safuna mandimu. Viikani njere zaufa magalamu 500 m'madzi ofunda lita imodzi ndi theka kwa maola awiri, tikitani ndi manja oyera, sefani kawiri kuti ulusi wofiira uchoke. Pa lita imodzi ya phalalo thirani shuga magalamu 700. Amalimba msanga ndipo amaonjeza kulimba akazizira, choncho phulani akuoneka ngati atsala pang'ono. Payekha ndi wowawasa ndi wolemera pakamwa. Ntchito yake yaikulu ndi kuthandiza zipatso zofooka: kapu imodzi ya phala la malambe pa kilo ya mapapaya, ndi shuga magalamu 750 ndi jinja wopala supuni imodzi, imasandutsa mapapaya kukhala jamu weniweni.

Chidede chili ndi kachinsinsi kake. Zofiira za kunja ndizo jamu, koma tizibalobalo tobiriwira ta m'kati, tosunga njere, ndito timathandiza kugwirana. Tisiyanitseni, timizeni m'madzi, muphike mphindi 20, sefani, titayeni. M'madzi amenewo phikani zofiirazo mpaka zifewe, yezani ndi kapu, ndipo kapu iliyonse ipite ndi kapu ya shuga. Amapsa m'mphindi 10 mpaka 20, wofiira psuu. Wokonda jamu wowawasa sadzafunanso wina.

Zinanazi za ku Mulanje palani pagireta m'malo modula, mtima wake wolimba muchotse, muikemo kansalu ka njere za mandimu. Masitirobere a ku Zomba ndi mabulosi agonekeni m'shuga usiku kuti asanyenyeke, ndiye mupeza chija amati conserve. Masuku sefani mnofu wake n'kuthiramo mandimu nthawi yomweyo, chifukwa umada ukakhala pamphepo. Amene ali ku South Africa adzakumana ndi konfyt wa makoko a mavwende kapena wa nkhuyu zosapsa, wophikidwa m'manyuchi a shuga. Ameneyo amadyedwa ndi foloko kapena ndi tchizi, sapakika bwino.

Lemon curd: madzi a mandimu mamililita 150, shuga magalamu 200, batala magalamu 100, mazira atatu opuntha. Ikani m'mbale yokhazikidwa pamwamba pa poto wa madzi otentha, takasani mpaka zimate kumsana kwa supuni. Zisawire, mazira angaundane. Ameneyu ndi wa m'firiji basi, ndipo athe pasanathe milungu iwiri. Kopanda firiji yodalirika, phikani wongodya tsiku lomwelo.

Mabotolo

Agalasi okha, apulasitiki amapindika ndi jamu wotentha. Ogwiritsidwapo kale ndi abwino ngati milomo yake ndi yosabenthuka. Zivundikiro zadzimbiri, zopindika kapena zonunkha atchara tayani. Tsukani, wiritsani mabotolo ndi zivundikiro mphindi 15, gadamitsani pansalu yoyera kuti aume okha. Thirani jamu wotentha m'botolo lotentha, lozizira limasweka. Siyani mpata wa theka la sentimita kapena sentimita imodzi, pukutani milomo, tsekani. Kuti asungike miyezi m'nyengo yathu yotentha, yalani kansalu pansi pa poto, imikani mabotolo odzazawo, amizeni m'madzi otentha, awire mphindi 10. Akazizira, pakati pa chivundikiro pazikhala polowa m'kati. Limene likudidikizika n'kubwerera silinatseke. Limenelo liyambe kudyedwa. Lembani mtundu ndi tsiku, sungani pamdima pozizira. Wofuna kugulitsa m'masitolo ayambe wafunsa ku Malawi Bureau of Standards za miyezo ndi zolemba pabotolo.

Zikavuta

Jamu wamadzimadzi musamuweruze tsiku lomwelo. Dikirani masiku awiri, mamaledi ngakhale mlungu. Akakanabe, bwezerani m'poto, thirani mandimu masupuni awiri pa lita, wiritsani mphindi zisanu n'kuyesa. Kapena musiyeni choncho, ndi wabwino m'phala ndi pazitumbuwa. Wolimba gwa anapitirira pamoto. Mutenthetseni ndi madzi owira pang'ono, koma ameneyo musunge m'firiji. Timiyala ta shuga timabwera ngati munawiritsa shuga asanasungunuke, kapena mandimu anachepa. Jeli wotuluka madzi m'mbali anachuluka asidi. Wakuda ndi wonunkha utsi anapserera. Mukamva kuti wagwira pansi, musakokote, tsanulirani m'poto wina msanga. Chuku pamwamba chimachokera ku botolo lonyowa, chivundikiro chosatseka, kapena supuni imene inakhudza majarini ndi nyenyeswa za buledi. Botolo lachuku, lathovu, kapena lonunkha ngati mowa, tayani lonse, musangowengula pamwamba.

Kukonda kwa munthu

Pakhomo limodzi mupeza wina wofuna mapisi otafuna, wina amene kanjere kamodzi kamamulekeza chakudya. Zonsezi n'zotheka kuchokera m'poto mmodzi: thirani theka m'mabotolo, theka linalo litikiteni pasefa likadali lotentha, liwirenso mphindi imodzi. Kulimba, kuwawa, kuwawasa ndi zonunkhiritsa mungasinthe mmene mufunira. Jinja amayenda ndi mapapaya ndi mango, sinamoni ndi mapichesi, katsabola kamodzi ka kambuzi ndi zinanazi. Shuga wabulauni amaphika bwinobwino ndipo amapatsa mamaledi kakomedwe kozama, koma jeli amamudetsa. Wa jeli gulani woyera.

Pamene kukonda kuli ndi malire ndi pa kuchuluka kwa shuga. Mungatsike mpaka magalamu 500 pa kilo ya zipatso, ndipo chipatso chimamveka bwino koposa, koma ameneyo salinso wa pashelefu. Amakhala wofewa, amafuna firiji, ndipo athe m'milungu itatu. Mabotolo a m'sitolo olembedwa fruit spread nthawi zambiri ndi a mtundu umenewu, ndipo amalimba chifukwa cha pekitini wapadera wosadalira shuga. Uchi sungalowe m'malo mwa shuga yense, umalepheretsa kugwirana ndipo umaphimba fungo. Gawo limodzi pa anayi ndi lokwanira. Odwala matenda a shuga asanyengedwe ndi mawu oti "wa uchi" kapena "wa madzi a zipatso", shuga ali momwemo. Pogula, werengani mndandanda wa zopangira: choyamba kulembedwa ndicho chochuluka, ndipo ngati chipatso chikubwera pachitatu, mukugula manyuchi opaka mtundu.

Chopakapo nachonso chimasankha. Buledi wofewa wa m'sitolo amafuna jeli kapena jamu wosalala, wa mapisi amamung'amba. Masikono otentha amafuna wowawasa, chidede kapena malambe osakaniza ndi mango, chifukwa majarini ndi ufa zalemera kale. Mamaledi amakoma pabuledi wootcha ndi tiyi wopanda shuga wambiri. Pabuledi wosaotcha kuwawa kwake kumangoima pakokha. Chikondamoyo ndi chigumu zimanyenyeka, choncho zimayenda ndi chopaka chofewa cha magwafa chija. Pamwamba pa chiponde ikani jeli wa magwafa kapena jamu wa chidede, osati wa mango, amene amangosowa m'mafuta a mtedza. Ana onyamula buledi kusukulu apakireni wolimba bwino, ndipo majarini kapena chiponde chiyambe mbali zonse ziwiri kuti jamu asalowerere buledi nthawi yopuma isanakwane.